Dzina lolemba pa chiliza

Mwaswera bwanji nonse.

Lero tinali kumanda ku Mualadzi, kumaliza chiliza cha malemu mkazi wanga. Mmisiri atangotenga msomali kuti alembe dzina simenti isanaume, mkangano unabuka.

Apongozi akuti Grace, poti malemuyo anabadwira ku Zambia nthawi ya nkhondo. Amalume Bonifasiyo akuti Graça, monga zilili pa bilyete yake, chiphaso cha boma la Mozambique. Kenaka amalumewo, amene kuseminale anakhalako chaka chimodzi chokha, anayamba kutiphunzitsa kuti maina onse awiri muzu wake ndi Chilatini. Pamene phunziro limatha, simenti inali itauma gwa.

Mmisiri abweranso Loweruka, ndipo wapempha kuti tsikulo amalume akapalire chimanga.

Ndiye tilembe liti, abale? Limene ndinkamuitanira ine musandifunse. Limenelo silipita pamwala.