Chigamba cha Alamu Anga a Laston

Alamu anga a Laston Goodman anayamba ndi kabaza, kenako kukonza mafoni pakhonde la golosale pa Boma. Kompyuta anaphunzira okha, pa laputopu yosweka pakona. Sayankhulayankhula, zikawavuta amangopukuta magalasi.

Chichokereni namondwe uja anagumula nyumba kwathu kunsi kwa Michesi, iwo ndi amene amasamala pulogalamu yochenjeza anthu madzi akamabwera. Pulogalamuyo anailemba ndi anthu akunja, ndipo imangodziwa mafoni apamwamba. A Laston anawonjezeramo timizere tawo, amati chigamba, kuti uthenga uzifikanso pa mafoni a mabatani ngati yanga. Vuto ndi lakuti eni ake akaisintha, chigambacho chimafunika kuikidwanso, apo ayi ife a mabatani tilibe chathu.

Chaka chino anaisintha mvula itayandikira. Ndikuchokera kusikelo, mwana wanga Noah ali kumbuyo, ndinawapeza a Laston atangoti maso tong'o pa laputopu. Ku Michesi kunali kutada bii.

"Alamu, zatheka?"

"Chida chomangira pulogalamu chikuti chigamba chalowa. Koma chikutinso sichinapeze malo ake enieni, chachita kuyerekeza."

"Ndiye chalowatu. Tumizani."

"Amake Noah, mwanayu akavala nsapato ya kumanzere kuphazi lamanja, mumati wavala?"

"Amayendabe."

"Mpaka pa chitsa."

Sindinaseke. Bambo ake a Noah ali ku Chilwa kokagula nsomba, ndipo ine ndimagona tulo tofa nato. Tsiku la namondwe lija ndinadzidzimuka madzi atafika kale pamphasa.

A Laston anatsegula pulogalamu yakale ndi yatsopano, n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere. Kunabwera munthu ndi foni yosweka galasi, anamuuza kuti abwere mawa. Mvula inayamba kuwaza pamalata. Ine ndinkangosunthasuntha pabenchi.

Kenako anavula magalasi. Akuti chigamba chinakakhala pa mizere ina yofanana ndi yakale ija, koma imene pulogalamu yatsopano siigwiritsanso ntchito. Akanatumiza, foni yanga ikanangokhala duu, ine n'kumati kunja kuli bwino.

Anachikonza n'kuyendetsanso chida chija. Ulendo uno sichinadandaule kanthu. Iwo sanakhutirebe.

"Tulutsani kanjerwa kanuko tiyese," anatero akunena foni yanga ya mabatani ija.

"Kanjerwa komweka kakukusowetsani mtendere."

Anatumiza uthenga woyesera, ine ndinaigwira foniyo ndi manja awiri. Noah anayamba kulira, sindinamutsitse. Foni inakhala chete mpaka ndinayesa kuti batire latha. Kenako inanjenjemera. Ndinawerenga pang'onopang'ono: "Uku n'kuyesa chabe. Musathawe."

"Kwezani voliyumu mpaka kumapeto," anatero akuvala magalasi awo. "Ndipo izigona kumutu kwanu, osati m'chikwama."

Ndinakwera kabaza mvula ikugwa, foni ili m'kajumbo ka shuga pachifuwa, pansi pa mfundo ya nsalu yoberekera Noah.