Mwendo Umene Ndinaukweza M'mwamba

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku limenelo, ndipo munthu asanditsutse. Panali Fundi Kasiani, mmisiri mwini galaja ya kuseri kwa msika wa Mbamba Bay ku Tanzania. Panali a Mapunda, mwenyekiti, ndiye kuti wapampando, wa mudzi wathu wa ujamaa wogwirira ntchito pamodzi, atakhala pa tayala. Panali bambo anga a Yohane, msodzi. Wachinayi ndinali ine Filipo, wa zaka khumi ndi ziwiri. Tinali titangowoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota, ndipo Chiswahili changa chinkathera pa moni.

Ine madzi ndinkawaopa. Ndikunena poyera lero chifukwa ndakalamba. Ndikakwera bwato ndinkakakamira m'mphepete mwake, anzanga nkumaseka. Bambo ataona zimenezo anakapempha Fundi kuti andiphunzitse ntchito ya galimoto. Fundi anati andiyesa tsiku limodzi lokha. Ndikalephera, kubwerera ku makoka.

Ntchito ya tsikulo inali pikapu yobiriwira ya mudzi, yoti ikatsogolere anthu pa chikondwerero cha Uhuru, tsiku la ufulu wa dzikolo. Penti yake inali itafuwa ndi dzuwa ngati tsamba la fodya. Fundi anali ndi makina opukutira, okhawo m'dera lonse mpaka ku Tingi, oyendera jenereta. Kumutu kwake kunali chikopa cha nkhosa chaubweya, pambali kabatani ka manambala atatu. Iye anapukuta boneti ine ndikuona. Anayamba pa wani kumwaza polishi, kenako pa thuu, dzanja likuyenda osaima. Fungo lake linali ngati la sera wosakaniza ndi palafini. Penti inadzuka, ndinaona nkhope yanga m'menemo.

Atandipatsa makinawo kuti ndichite chitseko, mtima unandiuza kuti ngati thuu akuwalitsa chonchi, nanga fili? Ndinapotokola mpaka kumapeto. Makina analira ngati mavu, akufuna kundipulumuka m'manja. Ndinaponda mwendo umodzi pa chopondera cha galimoto kuti ndilimbe.

Fundi anakuwa ali kutsidya kwa boneti. "Punguza mwendo!"

Inu a kwathu, mwendo ndi chiyani? Si uwu tikuyenderawu? Ine ndinachotsa mwendo pa chopondera paja, makina ali chilirire.

"Mwendo, kijana! Mwendo!"

Ndinati kapena ndalakwitsa mwendo wake. Ndinakweza winawo m'mwamba, nkuima ngati kakowa, ubweya uja uli pamodzimodzi m'mphepete mwa chitseko. Pamenepo ndinamva fungo lina, lopserera. Fundi anathamanga nkuzula waya. Pa chitseko panali bala lotuwa, lalikulu ngati dzira la nkhuku, penti itadyeka mpaka mkati.

Kwa Aswahili mwendo ndi liwiro, ndipo Fundi ankati ndichepetse liwiro la makina. Ndinadziwa madzulo ake. Pa nthawiyo ndinangoona a Mapunda ataimirira, nkhope itagwa, ndipo m'maso mwanga munabwera bwato.

Bambo anali munthu wa dzanja lolemera. Ndinakonzekera kumenyedwa khofi. Koma anabwera pang'onopang'ono, nkuika chikhatho chawo pa bala lija. Kenako anatenga dzanja langa, naliika pomwepo, lawo lili pamwamba. Chitsulo chinkatentha. Chikhatho chawo chinali chokhakhala ndi zingwe za makoka, koma sanandifinye.

"Wamva? Chikatentha kuposa mwana wa malungo, uzichoka. Mawu awo sunawadziwe, koma dzanja uli nalo."

Iwo makina amenewo anali asanawagwirepo chibadwire!

Atatero anatembenukira kwa Fundi, namufotokozera m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, akumenya ntchafu yawo kuti aone chimene ife timatcha mwendo. Fundi anayang'ana ine, nayang'ana phazi langa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. A Mapunda anayesa kudzigwira, analephera. Fundi anati mwana womvera mpaka kuima ndi mwendo umodzi sangamutaye. Anapaka kapenti pa bala paja ndi nthenga ya nkhuku, nandibwezera makina ali pa wani. Chitseko chinacho ndinachimaliza ndekha, ndikuima kawirikawiri kukhudza chitsulo.

Ntchito imeneyo ndinaigwira mpaka maso atafooka, ndipo funsani aliyense kuyambira ku Mbamba Bay mpaka ku Ngumbo ngati analipo wondiposa. Chimene ndachimvetsa mochedwa ndi chakuti tsiku lija bambo ankachita mantha kuposa ine. Anali mlendo m'dziko la eni, galimoto ya mudzi wonse itawonongeka pamaso pa mwenyekiti. Kundimenya kukanawayeretsa iwo. Sanasankhe zimenezo.

Mwana wanga Andireya ali ndi galaja yake tsopano, makina ake a manambala sikisi. Naye ali mnyamata anapserezapo penti, ndipo msika wonse unamva mawu anga. Nkhani iyi ndinamuuza chaka chatha chomwechi, tikudya chinangwa pakhomo pa galaja. Nditamaliza anandisunthira mbale.

"Agogo anakugwirani dzanja, bambo. Inu munandigwira khutu. Koma musadandaule, ndinamva ndithu. Idyani, chikuzizira."