Chipata Chopanda Mpanda

Tsiku limene aphunzitsi athu a mbiri yakale ku koleji ya ku Bradford, ku Mangalande, anationetsa chithunzi cha chipata cha Aroma, ndinakweza mkono. "Nanga mpanda wake unapita kuti, anauba?" Kalasi yonse inafa nalo phwete. Koma ine ndinkafunsa zoona. Kwathu chipata chimakhala pampanda. Ichi chinangoti njo pakati pa msewu, chimwala chachitali, makomo atatu, lapakati lalikulu, m'mbali mwake atasemamo akavalo, asilikali ndi akapolo omangidwa manja.

Aphunzitsiwo anati mpanda kunalibe chiyambire. Miyala ya khomo lililonse inkatsamirana mokhota, ndipo umodzi wapamwamba pakati ndiwo unkagwira yonse. Zipata zotere ankamangira opambana nkhondo. Anatinso ena amakhulupirira kuti msilikali akadutsa pansi pake, nkhondo inkatsala kunja, iye n'kulowa mumzinda ali munthu wamba.

Mawu amenewo anandilasa. Kunyumba kunali achimwene anga, amene anali atangotulutsidwa kumalo kosungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Anatuluka thupi lokha. Munthu amene kale ankasokosa mpaka aneba kugogoda khoma ankangokhala duu pazenera, osalankhula, osaseka. Ndinkaopa kuti ndawataya ndikuwaona. Kumudzi munthu wochokera kundende amamusambitsa kaye mankhwala asanalowe m'nyumba. Nanga ku Bradford mankhwalawo ndikanawakumba pati, m'paki?

Loweruka ndinawatuma achimwenewo kukagula buledi. Ndinatolera makatoni kusitolo ya pakona, n'kumanga chipata changa pakanjira kolowera kukhomo. Chinali chonyansa, ndisaname, chopendekera ngati khola la mbuzi. Akapolo omangidwa aja sindinajambulepo, zoterozo tinaziona zokwana. Pamwamba ndinaikapo katoni ya matewera, ndiye mwala wapakati umenewo.

Atabwera anaima, buledi ali m'manja.

"Chemwali, n'chiyani ichi?"

"Dutsani pansipo, achimwene. Zakumeneko zitsale kumsewu."

"Mwayamba misala?"

"Eya, ndayamba. Dutsani, mvula ikundinyowetsera ntchito!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerama. Koma achimwene ndi aatali. Phewa linagunda, katoni ya matewera inawagwera pamutu, zonse n'kuti gumu. Ndiye ndinamva kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka anakhala pansi ponyowapo, misozi ili chuchuchu. Inenso ndinalira, osasamala kuti mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe akusuzumira pakatani.

Nditayamba kutola makatoniwo kuti ndikataye, anandigwira mkono.

"Musataye. Bweretsani selotepi, ndimange bwino ine. Kuja ndasiyako anzanga, nawonso adzafuna podutsa."