Jekete la Zigamba la pa Mbombwe

A Margret Maluwa akhala akusoka pakhonde la sitolo ina pa Mbombwe kuyambira pamene amuna awo anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Makina awo ndi akale, opalasa ndi phazi, ndipo amalira ngati chigayo. Ine ndimagulitsa tomato pafupi nawo, choncho ndimawadziwa bwino. Ndi mayi wouma mutu, koma msoko wawo sumasuka wamba.

Telala aliyense kuno amadziwa kuti ukatha kusoka, nsalu yotsala umakulunga n'kubwezera mwini wake. Anthu safuna kuti nsalu yawo izipezeka m'manja mwa ena. A Margret ankabweza zidutswa zikuluzikulu, koma ting'onoting'ono ankangoponya m'thumba pansi pa makina. Thumbalo litadzaza anaona kuti kutentha n'kuwononga. Analumikiza tizidutswato n'kusoka jekete, nalipereka kwa mlongo wawo Lloyd, mbeta yopalasa kabaza.

Lloyd ndi munthu wamatama. Anavala jeketelo ndi magalasi akuda, mnzake n'kumujambula akutsetsereka ndi njinga cha ku Kadewere, ndipo anaika vidiyoyo pa TikTok. Posakhalitsa inali m'foni ya aliyense. Anyamata a ku Limbe ndi ku Zomba anayamba kudzijambula atavala zigamba, akuti akutchena "Chimbombwe". Zigamba zomwe ife tinkachita nazo manyazi kusukulu! Foni ya Lloyd inkangolira, aliyense akufuna jekete lake.

Koma kuno kwathu anthu sankaonera Lloyd, ankayang'ana nsalu. Azimayi ankaimitsa vidiyo n'kuloza ndi chala: "Iyi si yanga ya pa ukwati wa Yamiko?" Zinafika poipa pamene a Dominiko anazindikira chitenje chachikasu chomwe anagulira akazi awo, a Tawina, chili pachifuwa pa Lloyd. Sanafunse n'komwe. Ananyamula chikwama n'kubwerera kwawo ku Nchema. Sabata yomweyo azimayi anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ndipo makina anakhala chete. Zinandiwawa kuona mnzanga akungopukuta fumbi pamakina.

"Achemwali, asiyeni amenewa," anatero Lloyd. "Am'tauni akudikira. Sokani basi, titchuke."

"Am'tauniwo mawa atengeka ndi zina. Ine ndimadya za azimayi a pano. Vula jekete."

"Koma achemwali, anthu akundidziwa ndi limeneli!"

"Ndati vula."

Anatenga lezala n'kulisosola msoko ndi msoko, Lloyd akuyang'ana ngati wafedwa. Kadutswa kalikonse ankakadziwa mwini wake. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kugwada, kubweza ndi kupepesa. Ena anawalandira, ena anawasiya pabwalo osawapatsa ngakhale mkeka. Pamene iwo ankayenda choncho, matelala a ku Limbe anali kalikiliki kusoka majekete a zigamba, ndipo ndi iwo anadyerera. Ine ndinawanena a Margret kuti akupusa. Anangondiyang'ana n'kumanga chitenje.

Kachikasu kaja anapita nako ku Nchema wapansi. A Dominiko anakana kutuluka m'nyumba. A Margret anabwerera, koma m'mawa mwake anali pakhomo pomwepo, ndipo anakhala padzuwa mpaka bamboyo anachita manyazi.

"Bambo, wolakwa ndine," anatero atawayalira kansaluko. "Aka kanatsala nditasoka diresi la mayi akunyumba. Iwo sanapatse munthu kanthu. Ngati mukufuna wokwiyira, ndi ine pano."

A Dominiko anakatembenuzatembenuza kansaluko. Mwezi usanathe tinawaona akupalira nandolo m'munda mwa akazi awo.

Pa TikTok zigamba zinatha fasho, anthu ali pa zina tsopano, ndipo Lloyd sanawakhululukirebe achemwali ake. Makasitomala nawo sanabwerere onse. Koma tsiku lina a Tawina anafika ndi chitenje chatsopano. A Margret atasoka anakulunga zotsala zonse, ngakhale ulusi womwe, n'kupereka ndi manja awiri. A Tawina anazikankhira pamakina.

"Izi musokere bambo akunyumba chipewa," anatero. "Nsalu yanga aziyenda nayo okha pamutu, aleke kuifunafuna m'zifuwa za anzawo."