Dzanja Lamanzere la Amawaya

Pachipatala paja dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a ku ofesi okha. Ena onse ankangoti Amawaya. Ntchito anaiyamba akukwawa m'denga, tochi kukamwa, kukoka mawaya, ndipo za makompyuta anaphunzira mochita kuonera. Patatha zaka makumi awiri, kanthu kakangofa anthu ankati, "Kaitaneni Amawaya."

M'mawa wina sitiroko inawagwetsa m'bafa, dzanja lamanja n'kupindika osatambasukanso. Miyezi isanu ndi iwiri imene anakhala pakhomo, akazi awo ankawaikira kiyibodi yakale patebulo, yopanda n'kompyuta yomwe.

"Lembani, bambo. Linalo Mulungu sanakupatseni kuti muzikandira mutu basi."

Sabata imene anabwerera kuntchito, wodi yatsopano ya amayi oyembekezera inatsegulidwa. Makompyuta ake anayi ankayaka bwinobwino, koma osalumikizana ndi chilichonse. Amawaya sanachedwe kuona pamene panagona vuto. Kompyuta ikayaka imafuula kupempha adiresi, ndipo wogawa maadiresi ndi kompyuta yaikulu yotchedwa seva ya DHCP. Sevayo inali m'nyumba yakale, pamene wodi inaikidwa pagawo lakelake la netiweki. Rauta, makina olumikiza magawowo, sidutsitsa mfuu yotere pokhapokha itauzidwa kokaitula. Pankafunika kulemba mzere umodzi wokha wouza rautayo nambala ya seva, ntchito imene kale ankaigwira uku akucheza.

Anakhala m'kachipinda ka makina, laputopu pamiyendo, nesi wamkulu ataima pakhomo. Chala chamanzere chinaphonya nambala ya seva. Anafufuta. Chinaphonyanso. Kachitatu thukuta linali litanyowetsa kolala, ndipo anamva manyazi amene sanawamve ngakhale masiku amene ankachita kusambitsidwa.

Nesi uja anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana wotchi yake.

"Ii, ndaiwala wodwala wanga. Achimwene, musathamange, makanda salembetsa okha. Mundipeza kuwodi."

Amawaya anadziwa kuti panalibe wodwala woiwalika. Atatsala okha anapumira m'mwamba, napukuta chala pa thalauza, n'kulemba nambala imodzi imodzi, akuitchula chapansipansi. Anauwerenga mzerewo kawiri asanausunge.

Anapita kuwodi akukoka mwendo. Anazimitsa kompyuta yoyamba n'kuiyatsanso. Kwa kanthawi inangoti zii, kenako adiresi ija inatulukira. Nesi analowetsa zofunika, pulinta inakhosomola, kakhadi ka mwana wobadwa kumene kanatuluka. Sanakaike m'faelo, anayamba wakapereka kwa Amawaya.

"Tawerengani, mwina makina anuwa anama."

"Wamkazi, makilo atatu ndi pang'ono," anawerenga Amawaya. "Ali kuti mwini khadi?"

Nesi anawasonyeza bedi la pawindo. Mayi wa mwanayo anafunyulula nsalu pang'ono, ndipo Amawaya anaima pamenepo kwa nthawi ndithu, akuyang'ana kankhope kofiira kaja kali mtulo.

Makompyuta atatu otsalawo anawazimitsa n'kuwayatsanso imodzi imodzi, osafulumira. Anagwiranso ntchito zaka zisanu ndi chimodzi asanapume.