Limu Yachinayi Inali Belu la Tchalitchi

Nditapuma ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi, patangopita zaka zochepa chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri, ndinagula galimoto yanga yoyamba. Anzanga opuma nawo ntchito ankagula malata kapena njinga zamoto. Ine ndinagula galimoto yosayenda.

Ndinali nditaidziwa kalekale. Mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni ine nditangoyamba kumene ntchito. Inali ya mtundu wa ku Amerika uja, yotambalala, ya zitseko ziwiri zokha, boneti yaitali yoti munthu n'kugonapo osapinda miyendo, injini ya masilinda asanu ndi atatu. Ikamabwera pa Chonde tinkayamba kuimva m'chifuwa tisanaione. Bamboyo atamwalira, galimoto inaima kuseri kwa nyumba yake, m'mudzi wina kupitirira Nkando, ndipo inakhala pomwepo zaka zambiri nkhuku zikuikiramo mazira.

Mayi wamasiye anavomera kundigulitsa. Kalata ya mgwirizano ndinalemba ndekha, makope atatu ndi kaboni. Chiganizo chachitatu chimati: "galimoto pamodzi ndi ziwalo zake zonse, kulikonse kumene zili." Mawu omalizirawo ndinawawonjezera nditasuzumira m'kati n'kuona kuti theka la galimoto mulibe. Mayiwo anadinda chala, alongo awo anasayina ngati mboni. Kalatayo ilipo, ndipo bulubuku la galimotoyo lilinso mu faelo yomweyo.

Ziwalozo zinali zitamwazikana mudzi wonse. Mpando wakumbuyo unali sofa kwa mkamwini wamkulu wa pabanjapo. Boneti inali chitseko cha bafa. Zivundikiro zonyezimira za matayala abakha ankamweramo madzi. Paipi ina ndinakaipeza kwa mayi wotcheza kachasu, amene anandiyang'ana ngati ndabwera kudzamulanda mwana. Kulikonse ndinkafika ndi faelo yanga, n'kuwerenga chiganizo chachitatu mokweza. Koma sindinalande chinthu osasiyapo china. Wa bafa ndinamukhomera chitseko cha matabwa, wa abakha ndinamupatsa mabeseni. Chiwalo chilichonse ndinkachimangirira kapepala kosonyeza kumene ndachipeza ndi tsiku lake.

Galimoto tinaikweza pa lole kupita nayo kwathu. Amene ankandithandiza anali makaniko wina wa pa Chonde, munthu wa msinkhu wanga, amene anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika konkuno. Ntchito anaphunzira kwa Apwitikizi, ndipo ankanditchula kuti "patarau," ndiye kuti bwana, makamaka akafuna kundiseka. Tinaigwirira ntchito zaka ziwiri. Tsiku limene injini inalira koyamba, agalu a mudzi wonse anathawira m'minda.

Koma galimoto inali itaima pa matayala atatu ndi mulu wa njerwa. Limu yachinayi, chitsulo chozungulira chija chimene tayala limavala, kunalibe. Ya sipeya inalipo, koma anali ataisandutsa mbaula ndipo moto unali utaidya mpaka kuboola. Malimu a galimoto imeneyi ali ndi mabowo asanu otalikirana mwa mtundu wawo. Ndinajambula mabowowo pa katoni, n'kuyenda nayo katoniyo kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Limbe kawiri, ndiponso kutsidya kwa malire kamodzi. Palibe limu imene inagwirizana nayo. Popanda limu imeneyo, zaka ziwiri zija zinali zongokonzera nkhuku nyumba yokongola.

Ndinabwerera kwa mayi wamasiye uja.

"Aa, ija?" anatero akusola nandolo. "Bwanji simunafunse? Inapita kutchalitchi, malemu anawabwereka."

Ndinaipeza itapachikidwa ndi waya pa mtengo wa mango kutsogolo kwa tchalitchi cha m'mudzimo. Ndinaikapo katoni yanga. Mabowo onse asanu anagwirizana.

Mkulu wa mpingo anali bambo wamfupi, wosafulumira polankhula, wopuma ntchito ya ukapitawo m'minda ya tiyi. Anandimvetsera mpaka nditamaliza chiganizo chachitatu.

"Mwawerenga bwino, a kalaliki," anatero. "Koma malemu anatipatsa."

"Akazi awo akuti anakubwerekani."

"Anatipatsa."

"Kalata yake ili kuti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Munthu akamapereka kwa Mulungu amafuna lisiti?"

Zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima m'dziko muno. Chinthu chachoka m'manja mwa munthu kupita kwa gulu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotenga cholembera. Ndiye akamwalira mwini wake, aliyense amakumbukira zomukomera.

Mkuluyo anandifotokozera kuti limuyo anthu anazolowera kulira kwake. Ikalira mofulumiza, ndiye kuti ndi mapemphero. Ikalira kamodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso kamodzi, ndiye kuti kwagwa maliro, ndipo aliyense amasiya khasu pomwe ali. "Mukufuna mutitseke pakamwa kuti inu musamayende wapansi," anatero.

Ndinalembera mpingowo makalata atatu, ndipo onse sanayankhidwe. Yachinayi ndinalembera khoti. Ndikumata envulopu, mayi a kunyumba anaima pakhomo. Iwo amapemphera mpingo womwewo, kungoti nthambi ya kwathu.

"Mukakatula kalatayo," anatero, "muyambe mwandipezera kokapemphera. Mupezeretu ndi anthu odzakuimbirani tsiku lanu likadzafika, chifukwa galimotoyo siidzaimba."

Kalatayo ndinaiika mu faelo, koma sindinanene kuti ndaleka.

Makaniko ndi amene anabwera ndi nzeru ina. "Patarau, anthu aja sakufuna limu. Akufuna phokoso. Tiwapatse phokoso." Anapeza botolo lachitsulo lalitali, la mpweya wa owotcherera zitsulo, lakale lotayidwa. Analidula kunsi, n'kuwotcherera ngowe kumutu. Atalimenya ndi sipanala, mano anga anachita dzanzi.

Tinapita nalo kutchalitchi. Mkulu wa mpingo analizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"Chabwino," anatero. "Tili ndi agogo ena, nyumba yawo ndi yomalizira kutsidya kwa mtsinje. Akalimva iwowo ali pakhonde pawo, limu mutenge. Akapanda kulimva, nkhani yatha, musadzabwerenso ndi faelo yanuyo."

Ndinavomera msanga, ndipo ndinaumirira kuti tilembe. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti belu latsopano liyenera kumvedwa ndi agogowo ali pakhonde pawo. Tonse tinasayina. Tinapangana Loweruka, 2 koloko masana.

Tsikulo makaniko anatsala patchalitchi ndi bambo woliza belu. Ine ndi mkulu wa mpingo tinawoloka mtsinje n'kukwera kamtunda mpaka kwa agogo aja. Tinawapeza akuluka dengu. Ndinapereka moni. Sanatukule mutu. Mkulu wa mpingo anawagwira paphewa, n'kukuwira m'khutu mwawo kuti kwabwera alendo.

Nthawi itakwana, belu linalira. Linamveka bwino lomwe, lolemera, ngati likuchokera kuseri kwa nyumba. Mbuzi imene inali pachingwe inadzidzimuka. Agogo anapitiriza kuluka.

"Agogo!" ndinakuwa. "Mwamva kanthu?"

"Mwati?"

"Belu! Mwalimva?"

"Laliratu?" anafunsa mokondwa. "Ine belu ndinasiya kulimva kalekale, mwanawe. Ndikaona apongozi avala nsapato, ndimadziwa kuti lero ndi Lamulungu."

Ndinatembenukira kwa mkulu wa mpingo. Anali akuyang'ana kuphiri ngati akuliona koyamba.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Pepala ndi lanu, a kalaliki. Mwalemba nokha. Kapena tiliwerenge mokweza?"

Zaka zonse za ntchito yanga palibe anandigwirapo ndi pepala, ndipo tsiku limenelo ndinagwidwa ndi langa lomwe. Ndikanatha kuwakodola agogowo kuti angovomera, pakuti anali munthu wofuna kusangalatsa alendo. Koma sindinalembepo bodza chibadwire, ndipo sindikanayamba chifukwa cha limu. Ndinatsegula faelo pabondo kuti ndilembe kuti sanamve.

Belu linaliranso kamodzi. Kenako chete. Kenako kamodzi.

Tinamva pambuyo pake chimene chinkachitika. Woliza belu uja anali asanamvepo chitsulo cholira nthawi yaitali chotero. Ankati akamenya, n'kuima kumvetsera mpaka kulira kuthe, n'kumenyanso. Makaniko, amene sapemphera kumeneko, ankangomulimbikitsa kuti apitirize.

Mkulu wa mpingo anasiya kuyang'ana phiri. "Akuliza bwanji ameneyu?" anatero.

Posakhalitsa, pa njira yotsika kuchokera kumtunda kunatulukira amayi anayi, nsalu zili m'chiuno, wina atasenza nkhuni, wina beseni la ufa. Pambuyo pawo pankabwera ena, ndi abambo awiri atanyamula makasu. Anali a mudzi wa kuseri kwa kamtundako, kutali kuposa kwa agogo aja.

"Watisiya ndani?" anafunsa mayi wa nkhuni atamuona mkulu wa mpingo. "Abambo, watisiya ndani?"

Agogo ataona nkhuni ndi ufa anaponya dengu pansi. "Maliro!" anatero, n'kulowa m'nyumba kukatenga jekete.

Sindinaonepo munthu wamfupi akuthamanga ngati mmene anathamangira mkulu wa mpingo tsiku limenelo. Mtsinje anawoloka nsapato zili kuphazi. Ine ndinkatsatira pambuyo, faelo ili pamutu kuti isanyowe.

Patchalitchi tinapeza anthu atadzaza, ena atayamba kale kulira asanadziwe womulira. Woliza belu anali atabisala kuseri kwa makaniko. Mkulu wa mpingo anakwera pa chitsa, akupuma movutikira, n'kulengeza kuti palibe wamwalira, kunali kuyesa chabe. Kunali phokoso. Ena anaseka mpaka kukhala pansi, ena anatukwana mawu osayenera pabwalo la tchalitchi. Bambo wina anafunsa ngati angathe kubwezeredwa theka la tsiku limene anasiya kumunda.

Mayi wa nkhuni uja anatula mtolo wake patsogolo pa mkuluyo.

"Kuyesa kapena kusayesa, ili lisachoke," anatero akuloza botolo lija. "Kachitsulo kanu kaja kwathu sikafika. Maliro awiri anatipita chaka chatha, tinamva anthu ataika kale, ndipo munatinena kuti a kumtunda ndife ouma mtima. Munanena inuyo, abambo, pa guwa."

"Koma pangano linali la agogo," anayamba mkuluyo.

"Agogo ati? Aja osamva ngakhale bingu? Musatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Amayi ena anavomereza mokweza. Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsika pa chitsa n'kuuza woliza belu kuti akwere mumtengo amasule waya.

Ndinalemba zimene zinachitikadi: kuti agogo sanamve, kuti anamva ndi anthu a kuseri kwa kamtunda, ndiponso kuti mpingo wapereka limu mwa kufuna kwake. Ndinamupatsa mkuluyo cholembera.

"Inu a kalaliki," anatero akusayina, "kumwamba mukakafika mukapempha kaboni."

"Ndikapita ndi wanga," ndinayankha.

Kalata ya kukhoti ija ikadali mu faelo, yomata, sitampu ili pomwepo. Ndikaiona ndimathokoza kuti siinatuluke m'nyumba muno, pakuti mwina mlandu ndikanapambana, koma sindikudziwa kuti bwenzi ndikudutsa bwanji pa Nkando.

Nkhawa inatsala inali ya limu yeniyeniyo. Zaka zonse zija ikumenyedwa ndi chitsulo, m'mphepete mwake munali mutapindika ngati mbale yakale. Makaniko anati ngati ili ndi mng'alu, ngakhale waung'ono, sangaiike pa galimoto yokwera anthu. Anaipala dzimbiri tsiku lonse, n'kuipaka palafini, n'kuiyang'ana padzuwa mbali ndi mbali. Ine ndinakhala pa njerwa ngati munthu wodikira kunja kwa chipinda cha odwala.

"Patarau," anatero pomaliza, "chitsulo ichi chinapemphereredwa mokwanira. Chilibe mng'alu."

Anaiwotcha ndi kuiwongola masiku atatu. Titaveka tayala ndi kumanga mabawuti onse asanu, ndinachotsa njerwa zija imodziimodzi, iye n'kutsitsa jeke pang'onopang'ono. Galimoto inakhala pansi ndi miyendo yake inayi. Ndinapuma mpweya umene ndikuganiza kuti ndinausunga miyezi isanu ndi umodzi.

M'mawa mwake tinanyamuka ulendo woyamba, kuchokera pa Chonde kupita pa Nkando, mayi a kunyumba ali pambali panga, makaniko ali pa sofa ya mkamwini ija kumbuyo. Ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu anaimirira. Nditaponda mafuta pang'ono, chiwongolero chinayamba kunjenjemera pang'ono m'manja, ndipo chimatero mpaka lero ndikafulumira.

"Ndi limu ija," anatero makaniko. "Ingochepetsani liwiro, ifika."

Ndinachepetsa, kunjenjemera kunaleka, ndipo tinafika.