Tsiku Limene Tinakoka Galimoto ngati Khoka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha handulo yolizira injini. Lole ya Che Amidu inazima pamsika wa Songani, ine ndili pomwepo, nditangosiya sukulu. Ndinapukusa handuloyo mpaka injini inalira. Iwo anandiyang'ana mapewa nati, "Kwera."

Tinkanyamula matemba ouma padoko la kwathu kupita nawo ku Limbe. Yanga inali kuthira madzi mu lediyeta, kumata machubu, kupala mapulagi ndi kutchinga tayala ndi mwala tikaima pachitunda.

Che Amidu anagwirapo ntchito ku Joni, m'fakitale yolumikiza magalimoto. Mtima wao unatsala kumeneko. Masana, dambo likamawira ndi dzuwa, chilumba cha Chisi chikuoneka ngati chalekana ndi madzi, ankaloza chigwa chonse.

"Ku Joni kuli doko la sitima. Ku Halale kuli magetsi ndi phula. Ife tili ndi malo ndi manja. Taona kusalala kwakeko, iwe. Apo denga la malata, apa malole atsopano atandanda mpaka kumabango."

Ndikayang'anitsitsa, ndinkawaonadi madengawo akunjenjemera m'chifungafunga cha dzuwa. Mwana wao Saidi anali kumigodi. Mkulu wanganso. Fakitale ikanabwera, onsewo akanabwerera kwao.

Chaka china kunafika Mzungu wa ku Joni, akuyendera maiko kufuna poti amange fakitale ya malole. Anatitsina khutu ndi khukhi wa kunyumba imene anafikira ku Zomba. Loweruka Mzunguyo anatsikira kunyanja kudzawombera abakha. Che Amidu anavala malaya opitira kumzikiti Lachisanu, tinakamudikira panjira.

Mvula yoyamba inali itagwa. Dothi la makande limauma pamwamba, pansi lili phala. Galimoto ya mlendoyo inatitimira mpaka mimba. Ndinaika jeke pathabwa, jeke inamira ndi thabwa lomwe. Tinakumba, tinayala mabango, matayala ankangozungulira. Lole yathu sikanayandikira, ikanamira nayo.

Ndinathamangira kudoko. Asodzi anabwera ndi chingwe cha khoka, ine ndinakwawira kunsi n'kuchimanga kuchitsulo. Anagawana mbali ziwiri monga amachitira pokoka khoka. Wina anaponya nyimbo, mapazi akubwerera m'mbuyo pamodzi, misana itagona. Galimoto inasolokoka m'matope ngati mlamba waukulu.

Che Amidu anayankhula Chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi. "Bwana, anthu ake mwawaona. Mangani kuno."

Mzunguyo anayang'ana nsapato zake, kenako njira imene anadzera. Anayankha nthawi yaitali, akumwetulira.

"Wati chiyani, Che Amidu?" anafunsa msodzi wina, akupota chingwe. "Kapena akufuna timukokerenso mkazi?"

Anthu anaseka. Che Amidu sanaseke, komanso sankadziwa kunama.

"Akuti msewu kulibe, magetsi kulibe, njanji ili kutali. Koma inu wakukondani. Akuti akakamanga ku Halale, mukamupeze."

Kuseka kunatha. Anyamata ankayang'anana.

Ngati anamangadi, sindikudziwa. Koma pokolola mpunga, ambiri amene anagwira chingwe chija anali atakwera sitima. Khoka linkasowa olikoka. Saidi sanabwere. Mkulu wanga analemba kuti ndimutsatire, ine ndinakana. Wina anayenera kupukusa handulo.

Za fakitale Che Amidu sanazitchulenso. Maso awo atafooka anandipatsa bokosi la masipanala, ndipo ndadya nalo mpaka lero.

Chimene ndinatolapo n'chimodzi. Fakitale imatsata msewu, anthu n'kutsata fakitale. Mlendo wotere akabwera, yambani mwakonza njira. Mukathamangira kumuonetsa manja, atenga manjawo.

Masana ena ndimaimabe pachigwa paja. Madenga aja amaoneka, bola osayandikira.